Pa Khonde la Banja: Buku Limene Ndidabwereketsa

Mwezi uno ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Lamulungu lina m'mwezi wa July, kuzizira kwa kuno ku Dedza kutafika poti ngakhale madoda a kwaya ankaimba manja ali m'khwapa, mai wina wa m'Chigwirizano adandiimika potuluka m'tchalitchi. Sinditchula dzina lake kapena mudzi wake, pakuti nkhaniyi ikhudza mwana. Titapatsana moni adandikokera kuseri kwa mikungudza, nandiuza monong'ona kuti, "Amai aphunzitsi, buku lija mudampatsa lija landionongera mwana."

Mwana wakeyo ndi wa zaka 19. Adalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, ndipo ali pakhomo kudikira ngati malo a ku koleji angapezeke. Poona kuti masiku akumtalikira, manja ali m'dimba koma mutu ukusoŵa chochita, ndidambwereka limodzi mwa mabuku amene ndidatsala nao nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Bukulo ndi la Chingerezi, dzina lake Sense and Sensibility, ndiye kuti Nzeru ndi Mtima tikati tiliike m'chinenero chathu. Limakamba za atsikana aŵiri obadwa bere limodzi: wamkulu wodekha, woyamba waganiza asanalankhule, wamng'ono wa mtima wa moto, wochita chimene chafika pamtima nthaŵi yomweyo. Ine, monga achitira aphunzitsi onse, ndidali nditasankhiratu amene mwanayo ayenera kumtsanzira. Koma iye adabweza bukulo atakonda wamng'onoyo.

Zimene zidamsautsa maiyo ndi izi. Pali mnyamata wina amene amabwera ndi lole kuchokera ku Lilongwe kudzagula mbatatesi. Tsiku lina mtsikanayo adapita ku mseu ndi zidebe ziŵiri zoti agulitse. Mnyamatayo adati tiyeni mukaone msika wa ku Lizulu, ndipo iye adakwera pomwepo, osatuma mau kunyumba, osatenga ngakhale juzi. Adabwera dzuŵa litaloŵa, nkhope ili ŵaliŵali, nafotokoza ulendo wonse osabisa kanthu. Patapita sabata adayamba kuoneka ndi foni imene sadagule ndi ndalama zake. Mai wake atamdzudzula, iye adagwada nayankha mwaulemu ndithu kuti moyo ndi wa lero, ndipo safuna kukalamba asanakondwepo.

Usiku umenewo sindidagone msanga. Ndidakoka mbaula pafupi, nkutsegulanso bukulo, pofuna kudziŵa chimene mwanayo adaona m'menemo chimene ine ndidachiiŵala.

Bukuli adalilemba Jane Austen, mwana wa mbusa wa mpingo wa Anglican m'mudzi wa Steventon ku Mangalande. Adabadwa m'chaka cha 1775, namwalira mu 1817 ali ndi zaka 41, wosakwatiwa. Bukuli lidatuluka mu 1811, ndipo dzina lake silidalembedwepo. Padangolembedwa kuti wolemba ndi munthu wamkazi. Nkhani yake iyamba ndi maliro, ndipo chiyambi chakecho aliyense wa kuno angachimve popanda womasulira. Bambo Dashwood atamwalira, nyumba ndi minda zonse zidapita kwa John, mwana wamwamuna wa kwa mkazi woyamba. Johnyo adalonjeza atate ake ali pa mphasa ya imfa kuti adzasamala mai wake wompeza ndi alongo ake atatu, ndipo poyamba adaganiza zoŵapatsa mapaundi 3,000. Koma mkazi wake adakhala naye pansi, namatsitsa ndalamazo pang'onopang'ono ndi mau okoma, mpaka sipadatsale kanthu. Ife kuno tidachita kuikira lamulo m'chaka cha 2011 lolanga olanda chuma cha amasiye. Tisayese kuti nthendayi ndi ya dziko lathu lokha.

Motero mai wamasiyeyo adasamuka ndi ana ake, Elinor wa zaka 19, Marianne wa zaka 16 ndi Margaret wa zaka 13, nakakhala m'kanyumba ka lendi ku Barton, m'chigawo cha Devonshire. Dzikolo ndi la zitunda ndi zigwa ndi mvula yosapanganika, ndipo poŵerenga ine ndimaona zitunda zathu zomwezi za pakati pa phiri la Dedza ndi Chongoni, pamene nkhungu imatha kukutsekera njira iwe utachoka panyumba kuli ngwee. M'maŵa wina Marianne adaona kadzuŵa katatulukira pakati pa mitambo, nakopa mng'ono wake kuti akwere chitunda. Mai wao ndi Elinor adakana poona kuti mvula ili pafupi. Aŵiriwo adakwera akuseka, mphepo ikuŵaomba kumaso. Mvula itayamba adatsika chothamanga, Marianne nkugwa, nkubinya mwendo. Pamenepo padatulukira mnyamata wa zaka 25, mfuti m'manja, agalu aŵiri pambuyo. Adaika mfuti pansi, namnyamula mtsikanayo mpaka kukamtula pa mpando m'nyumba mwao. Dzina lake lidali Willoughby.

Makolo anzanga, tisanayambe kupukusa mitu, tiyeni tivomere chinthu chimodzi: Marianne ngokondweretsa. Si mtsikana wadama, si waulesi, si wamwano kwa mai wake. Ndi wanzeru, wokonda mabuku ndi nyimbo, wopatsa. Chimene sangathe ndi kunamizira. Akakondwa nyumba yonse imadziŵa. Akalira nyumba yonse imalira naye. Sangayamikire chinthu chimene sichidamkomere pofuna kukondweretsa mlendo, ndipo ntchito yonena mau aulemu opanda kanthu m'kati imagwera mkulu wake nthaŵi zonse. Tsiku lina ku London, mai wina wolemera atanyoza zojambula za Elinor pamaso pa alendo, onse adangoti chete kuopa chuma chake. Marianne yekha ndiye adamuyankha, kenaka adapita kukakumbatira mkulu wakeyo akulira. Kodi pali mwana wa zaka 19 amene angaŵerenge zimenezo osamkonda?

Ndipo taganizirani kumene mwana wathu akuŵerengera bukulo. Chiyambire ali wamng'ono wakhala akumva mau amodzimodzi: dikira. Dikira umalize sukulu, dikira zotsatira, dikira malo, dikira ntchito. Amaona akulu akuseka ndi munthu pa maliro nkumamdya miseche pobwerera. Amaona mai wake akudzuka nkhuku zisanatsike, m'chisanu cha June, chaka ndi chaka, osanenapo ngakhale kamodzi chimene mtima wao ufuna. Ku chilangizo timamphunzitsa zabwino zambiri, koma ndikaŵerenga mau athu alangizife ndipeza kuti ochuluka ayamba ndi "usa-": usayende usiku, usaseke pagulu, usayang'ane akulu m'maso. Tsono mwana wotere akakumana ndi mtsikana wa m'buku amene amathamanga pa chitunda chifukwa chakuti mphepo yamkomera, mtima wake umati myaa, ngati munthu amene wamasula mtolo wa nkhuni. Chimene amasirira poyamba si mnyamata wa mfuti uja ai. Amasirira munthu amene kunja kwake ndi m'kati mwake zili chimodzimodzi.

Ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu amadana ndi mtima wotere. Pa Yohane 12 tiŵerenga za Mariya wa ku Betaniya, amene adatsanulira mafuta onunkhira pa mapazi a Ambuye pamaso pa anthu onse. Mafutawo mtengo wake udali ndalama 300 za masiku amenewo, pafupifupi malipiro a waganyu a chaka chathunthu. Amene adatulutsa masamu pa tsikulo adali Yudasi, ndipo Ambuye adaikira kumbuyo Mariya. Mpingo umene mulibe anthu a mtima wa Mariya umakhala wolongosoka ngati kaundula, komanso wozizira ngati kaundula yemweyo. Koma tizikumbukira kuti Mariya sadatsanulire mafuta ake pa mlendo wongodutsa. Adayamba wakhala pa mapazi omwewo kumvetsera, ndipo adali ataona mlongo wake Lazaro akutuluka m'manda. Chimene chidaoneka ngati chadzidzidzi kwa alendo chidali ndi mizu yaitali.

Marianne analibe mizu imeneyo. Willoughby adabwera m'maŵa mwake kudzazonda wodwala, nabweranso, nabweranso. Nyimbo zimene Marianne ankakonda, iyenso ankakonda zomwezo, mabuku chimodzimodzi. Pasanapite nthaŵi mnyamatayo adati ampatsa kavalo. Marianne adavomera mokondwa, osaganiza kuti kavalo amafuna khola, chakudya ndi wantchito, pamene banja lonse lidali kudalira mapaundi 500 pa chaka. Elinor atamuuza kuti si bwino kulandira mphatso yotere kwa munthu amene wangomdziŵa kumene, iye adati kudziŵana sikuyendera kuchuluka kwa masiku. Adaikana mphatsoyo pokhapo ataona kuti mtolo wake udzagwera mai wake. Ndikamaganiza za kavalo ameneyu ndimakumbuka foni ija: nayonso imadya tsiku ndi tsiku, ndipo amene amaidyetsa ndiye amakhala mwini wake weniweni, ngakhale igone pa mtsamiro wa wina.

Kenaka Margaret adaona Willoughby akudula katsitsi ka Marianne, nakakulunga m'pepala, nakaika m'thumba. Kwathu kuno mai atamva kuti mnyamata watenga tsitsi la mwana wake sangagone tulo, poganiza za mankhwala. Kwao kudali ngati chikole. Tsiku linanso aŵiriwo adakwera ngolo ya kavalo okhaokha, napita kukazungulira m'nyumba yaikulu ya ku Allenham, imene Willoughby ankayembekeza kudzailandira kwa mbale wake wokalamba, Mai Smith. Adaloŵa chipinda ndi chipinda, mwini wake ali momwemo, osakamuonekera. Elinor atamdzudzula, Marianne adayankha ndi mfundo imene achinyamata ambiri amaikhulupirira mpaka lero: kuti chikadakhala cholakwa mtima wake ukadamuuza, ndipo sakadakondwa. Apa ndi pamene ine ndisiyana naye. Mtima umadziŵa kunena chimene ukufuna. Sudziŵa kunena chimene munthu winayo ali.

Anthu onse a ku Barton, poona kavalo, tsitsi ndi ulendo uja, adangoti basi, aŵiriŵa adatomerana. Ndiye m'maŵa wina Willoughby adabwera kudzatsazika mwadzidzidzi, nati akupita ku London ndipo sadziŵa tsiku lobwerera. Marianne adaleka kudya, naleka kugona.

Tsono apa ndi pamene ndidaima nthaŵi yaitali usiku uja, makala a m'mbaula akuzilala. Kale ndikamaŵerenga bukuli ndinkadutsapo msanga, koma tsopano ndiona kuti nkhani yonse yagona pamenepa. Elinor adapita kwa mai wake nati: bwanji osangomfunsa Marianne ngati mnyamatayu adamtomera? Funso limodzi, lochokera kwa mai wake womkonda. Maiyo adakana. Adati funso lotere lingampweteke mwanayo ngati yankho lili lakuti ai, ndipo safuna kukakamiza mwana kuulula za kumtima. Mai Dashwood adali munthu wabwino, wachikondi, ndipo mtima wake udali wofanana ndi wa Marianne. Nayenso adali atamkonda kale Willoughby ngati mkamwini. Tinene zoona, adaopa yankho. Masabata adapita, miyezi idapita, funsolo osafunsidwa.

M'mwezi wa January atsikana aŵiriwo adapita ku London ndi mai wina wachikulire wa pachibale ndi eni nyumba yao. Atangofika Marianne adalembera Willoughby kalata, kenaka yachiŵiri. Yankho silidabwere. Atakumana naye pa phwando, adamthamangira ndi dzanja lotambasula pamaso pa anthu, koma mnyamatayo adamlonjera ngati munthu wongomdziŵira patali, pambali pake pali mkazi wina. M'maŵa mwake Marianne adalemba yachitatu, kenaka padafika kalata youma, m'kati mwake muli makalata atatu aja ndi katsitsi kaja. Pamenepo ndi pamene Elinor adamva kuchokera pakamwa pa mng'ono wake kuti chitomero padalibe. Chikondi ankachionetsa tsiku ndi tsiku, koma mau enieni sadaŵatchulepo ndi kamodzi komwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu timakonda kuponyera ana. M'nyumba ya Dashwood phulalo adadya ndi mwana, koma wosafunsayo adali kholo.

Ndipo taonani chodabwitsa. Willoughby, amene ankaoneka ngati mnzake wa Marianne pa moyo wongotsata mtima, ndiye adali katswiri wa masamu. Adali ndi ngongole zambiri. Mkazi amene adamkwatira, Miss Grey, adali ndi mapaundi 50,000, kuŵirikiza kasanu chuma chonse cha mai Dashwood ndi ana ake atatu pamodzi. Chidamthamangitsa ku Barton ndi chiyani? Mai Smith adamva kuti iye adanyenga mtsikana wina wamasiye, Eliza Williams, nampatsa pathupi, namsiya osamuuza kumene akupita. Atakana kumkwatira, gogoyo adamchotsa pa chuma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu atsikana, ikani chizindikiro pa tsamba limenelo. Kaŵirikaŵiri pamene aŵiri akuti tiyeni tingotsata mtima, mmodzi yekha ndiye amakhala wataya masamu. Winayo amakhala akuŵerengera chamumtima. Mnyamata wogula mbatatesi sagula thumba asanalimasule kuti aone za pansi. Amadziŵa mtengo wa ku Lizulu, wa ku Bembeke ndi wa ku Lilongwe. Sindikumuweruza, pakuti sindimdziŵa; ndingoti munthu wotere si mlendo pa nkhani yofunsa mafunso, ndipo sayenera kudabwa akafunsidwa.

Eliza sitimuona ndi maso m'buku lonselo. Timangomva za iye. Kusiyana kwake ndi Marianne si kwakuti wina adali wochenjera. Marianne adali ndi mkulu wake pambali pake.

Koma mkuluyo zidamdyera zingati? Elinor nayenso adali ndi bala lake. Mnyamata amene ankamkonda, Edward Ferrars, adapezeka kuti adatomera mtsikana wina mobisa zaka zinai m'mbuyomo, ndipo mtsikanayo ndiye adadzamuuza Elinor, atamlumbiritsa kuti asaulule. Miyezi inai Elinor adasenza zimenezi yekha, kwinaku akupukuta misozi ya mng'ono wake, kuyankha alendo m'malo mwake, ndi kupepesa kwa anthu amene Marianne adaŵanyalanyaza. Moyo wongotsata mtima umaoneka waulere kwa mwini wake chifukwa bilu yake imapita kwa wina. Tsiku limene mtsikana wathu adakwera lole, nkhumba zidadyetsedwa ndithu, madzi adatungidwa, nsima idaphikidwa; adachita ndi mng'ono wake wa Sitandade 7. Komanso pano pali mau kwa ife makolo. Kumapeto kwa bukuli mai Dashwood adazindikira ndi manyazi kuti, potanganidwa ndi mwana wolira mokweza, adaiŵala kuti ali ndi mwana wina amene ankavutika chimodzimodzi mwakachetechete. M'nyumba zathu zambiri muli Elinor, ndipo timamuyamika kuti ndi mwana wosavuta, osamfunsa ngati ali bwino.

Pobwerera kwao adaima pa nyumba ina yotchedwa Cleveland. Kumeneko Marianne, mtima uli wosweka, ankayenda yekha madzulo m'udzu wautali wa mame, nkumakhala pansi nsapato ndi masokosi zili madzi okhaokha. Adagwidwa ndi chimfine chimene chidasanduka nthenda yoopsa, mpaka Elinor adayesa kuti mai wao adzapeza maliro. Amene adayenda usiku kukatenga maiyo adali Colonel Brandon, bambo wofatsa wa zaka 35 amene Marianne ankamseka kuti ndi nkhalamba chifukwa adamumva akutchula za chovala cha m'kati choteteza ku chisanu. Ife a ku Dedza sitingamseke munthu pa chifukwa chimenecho. Atachira, Marianne adavomera kuti akadafa kukadakhala kudzipha yekha, napepesa kwa mkulu wake, nalonjeza kuti adzalamulira mtima wake ndi chipembedzo, nzeru ndi ntchito. Adaonjeza kuti aziŵerenga maora 6 pa tsiku. Elinor adangomwetulira, poona kuti ngakhale kulapa kwake kudali kwa moto womwe uja. Wolemba sadamuzimitse motowo, ndipo ine ndimamthokoza pa chimenecho. Ali ndi zaka 19, Marianne adakwatiwa ndi Brandon, ndipo tiuzidwa kuti m'kupita kwa nthaŵi adamkonda ndi mtima wonse, pakuti kukonda mwatheka sankakudziŵa.

Mtsikana wathu adandiuza poyera kuti mathero ameneŵa sadamkomere, ndipo aŵerengi ambiri m'zaka 200 zapitazi anena chimodzimodzi. Inenso sindifuna kuti wina atenge bukuli ngati umboni wakuti mwana wa sukulu ayenera bambo wamkulu. Pamene Willoughby ankadula tsitsi lija, Marianne adali asanakwane zaka 18, ndipo m'dziko lathu lamulo la 2015, limene Malamulo Aakulu a dziko adalitsimikiza mu 2017, silimlola munthu wotere kuloŵa m'banja. M'boma lathu lomwe lino Inkosi Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo ku sukulu. Za zaka tisatengere ku Barton.

Chimene ndikhulupirira nchakuti Jane Austen ankaidziŵa mitima iŵiri yonseyi m'chifuwa chake chomwe. M'mwezi wa December 1802, mnyamata wina wa banja lolemera, Harris Bigg-Wither, adamfunsira ukwati, ndipo iye adavomera madzulo omwewo. Kutacha adapita kukabweza mau ake. Ukwati umenewo ukadampatsa nyumba yaikulu, iye pamodzi ndi mai wake ndi mkulu wake Cassandra, amene atate ao atamwalira mu 1805 adakhala zaka zingapo akusamukasamuka modalira achibale. Kodi adavomera ndi nzeru nakana ndi mtima, kapena adavomera mwaphuma nakana ataganiza? Ine ndimati zonse ziŵiri zidagwira ntchito usiku umenewo, ndipo munthu amene adagonapo usiku wotere sangalembe buku lonyoza mtima.

Makolo athu adaliona kale vuto la m'nyumba ya Dashwood, nalikonzera njira. Adadziŵa kuti pali mafunso amene mai amachita nao manyazi, ndi amene mwana sangayankhe pamaso pa atate ake. Nchifukwa chake pali agogo, pali alangizi, pali malume mwini mbumba, pali ankhoswe. Mnyamata akati wakonda mbeta, Acheŵa amafuna kudziŵa kwao, mfumu yake ndi malume ake. Angoni amatuma nthumwi kukakamba za malowolo. Mpingo nao umalengeza ukwati usanachitike kuti wodziŵa chifukwa anene. Achinyamata amaziona zonsezi ngati zipata zochedwetsa, koma ntchito yake yeniyeni ndi imodzi: kumkakamiza Willoughby kutchula mau amene iye angakonde kungoŵaonetsa ndi maso. Mnyamata woona mtima sataya kanthu potchula dzina la malume ake. Vuto la masiku ano nlakuti malume ali ku Johannesburg, agogo ali kumudzi kwina, ndipo chibwenzi chonse chimachitikira m'foni, m'mene mulibe khonde loti wina akhalepo nkuona. Tsono funso lija labwerera kwa mai ndi bambo, afune asafune.

Ndipo funsolo liyenera kupita kwa mwana mwini wake, osati kungomzungulira. Pa Genesis 24, abale a Rebeka atamva zonse za mtumiki wa Abrahamu, atadziŵa banja ndi mudzi umene mwana wao akupita, adamuitana mtsikanayo namfunsa ngati apita. Rebeka adavomera pomwepo, nanyamuka tsiku lomwelo, ulendo wa ku dziko limene sadalionepo. Pa liŵiro sadasiyane ndi Marianne. Koma liŵiro lakelo lidadza mafunso atafunsidwa kale, ndi pamaso pa anthu ake.

Lachitatu lotsatira ndidapita kwa mai uja. Ndidampeza akusankha mbeu ya mbatatesi pakhonde. Nditamfotokozera zonsezi ndidamfunsa kuti, "Kodi amai, mwanayu mudamfunsa kuti mnyamatayu wanena chiyani kwenikweni?" Adati adamkalipira kaŵiri, adamuopseza kuti amlanda foni, ndipo adapempha amai abusa kuti amuike m'mapemphero. "Koma kumfunsa?" Adakhala chete nthaŵi, akutembenuza mbatatesi imodzi m'manja. Kenaka adati, "Nanga akandiuza zoti sindingazipirire?"

Tidagwirizana kuti amfunse ali aŵiri, popita ku chigayo, osati usiku pamaso pa bambo ndi ana. Ndiponso kuti ayambe ndi kumfunsa za ulendo wa ku Lizulu, chimene adaona ndi chimene chidamkondweretsa, pakuti pa tsiku lija palibe adafuna kumva zimenezo.

Mtsikanayo adabwera kwathu Loŵeruka, atanyamula kabichi ziŵiri zochokera kwa mai wake. Adakhala pa mkeka nati, "Agogo, amai andifunsa." Ndidati nanga iwe wayankha chiyani, mwana wanga? Adati adafuna kuyankha kuti mnyamatayo amamkonda, koma pofufuza m'mutu mau enieni amene adanenapo, adapeza akuti ndiwe wosiyana ndi atsikana ena, ndi akuti tsiku lina ndidzakuonetsa nyanja. Dzina la mudzi wake sadalidziŵe. Tsono iye mwini, osatumidwa ndi munthu, adamlembera uthenga pa foni yomwe ija kumfunsa kuti kwao nkuti ndipo malume ake ndani. Adachita zimenezi pomwepo ali pa mzere wa ku chigayo, ufa uli m'manja, mai wake akuti dikira tikafike kunyumba.

Pamene ndikulemba pano papita masabata aŵiri. Mnyamatayo adayankha kuti adzakamba akabwera, ndipo lole lake silinaonekenso pa mseu wathu, ngakhale ena akuti mbatatesi zatsika mtengo ku Lilongwe ndipo ogula ambiri ayamba aima. Mtsikanayo adandipempha buku lina la mai yemweyo. Ndampatsa Persuasion, limene limakamba za mtsikana amene adamvera malangizo a akulu nakana mnyamata womkonda, nkukhala zaka 8 akudandaula. Mai wake sindinamuuze za m'kati mwake.